Funsani Tiyankhe: kodi akafukufuku amadziwadi mmene anthu adzavotere pa referendamu?

FUNSO: Akulu a tsamba lino, ine ndimatsatira kwambiri nkhani zakunja ndipo pali chinthu chimandizunguza mutu. Anthu akamafuna kupanga referendamu yoti apatuke akhale dziko lodzilamulira paokha, timangomva kuti kafukufuku waonetsa akutiakuti ali patsogolo, mawa lake wina akuti ayi zasintha. Za ku Scotland mu 2014 ndinamva ndi makutu angawa pa wailesi kuti ofuna kudzilamulira apitirira anzawo koma tsiku lovota anagonja. Nde akafukufukuwa amatinamiza kapena ofunsidwawo ndi amene amanama? Ndine mphunzitsi wopuma.

YANKHO: Aphunzitsi, munamva bwino ndithu simunalote ayi. Kafukufuku mukunenayo ndi wa kampani ya YouGov, anatuluka mu nyuzipepala ya Sunday Times pa 7 Seputembala 2014 kutangotsala masiku 11 kuti anthu avote, ndipo anaonetsa ovomera kupatuka ali ndi 51 peresenti okana 49. Pa 18 Seputembala zinatembenuka, okana anapeza 55.3 ovomera 44.7, kutanthauza anthu oposa 2 miliyoni anati tikhalebe mu United Kingdom pamene 1.6 miliyoni anati tichoke. Koma ine wabodza sindikumuona apa, vuto ndi mmene ife omvera timalandirira manambalawa.

Akafukufuku safunsa dziko lonse, amafunsa anthu mwina 1,000 kapena kuposerapo pang'ono, osankhidwa mosakaniza achikulire achinyamata amayi abambo olemera osauka, ndipo eni ake amanena poyera kuti ukafunsa anthu ochuluka choncho nambala yako itha kuphonya ndi 3 kupita mmwamba kapena pansi. Nde 51 ndi 49 sikutsogola kwenikweni, ndi kungonena kuti ali phewa ndi phewa basi. Komanso pa nambala ija anali atachotsapo anthu omwe anayankha kuti sitinaganize, ndipo kwa ine anthu amenewa ndi omwe amanyamula nkhani yonse.

Taganizani munthu amene wafika sabata yomaliza asanaganizebe. Si kuti ndi wogona ayi, nthawi zambiri mtima wake ukufuna koma thumba likumuopseza. Ku Scotland mafunso anali a mthumba enieni, tidzagwiritsa ndalama yanji poti George Osborne nduna ya zachuma ku London anali atanena kale mu Febuluwale chaka chomwecho kuti mukachoka sitidzagawana nanu paundi, penshoni yanga adzalipira ndani, mafuta a mu nyanja ya North Sea adzakhalitsa mpaka liti, European Union tidzakhalamo kapena tidzafunsiranso malo mwatsopano. Munthu wotere akafunsidwa pa foni kapena pa intaneti amatha kunena kuti mwina ndivomera chifukwa kuyankha sikulipira kanthu, koma akalowa mmalo ovotera ali yekha ndi cholembera amakumbukira kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Chisankho cha boma ukalakwitsa umadikira zaka zingapo nkukonza, koma kupatuka kwa dziko kulibe zobwerera, ndipo mgwirizano wa Scotland ndi England ndi wa 1707, si chinthu choti munthu angachimasule mtima uli mwiri.

China chomwe ambiri sachiona, kafukufuku uja sanangojambula mmene zinalili, anasintha masewero enieniwo. Kumayambiriro kwa Ogasiti YouGov yomweyo inkaonetsa okana ali patsogolo ndi mapointi opitirira 20, nde a ku London anali phee. Itangotuluka 51 ija paundi inatsika mphamvu, atsogoleri a zipani zitatu zazikulu za ku London, David Cameron yemwe anali nduna yaikulu, Ed Miliband ndi Nick Clegg anasiya za ku nyumba ya malamulo nkuthamangira ku Scotland, mabanki akuluakulu anayamba kunena zosamutsira malikulu awo ku England ngati ovomera apambana, nduna yaikulu yakale Gordon Brown yemwe ndi mwana wa ku Scotland konko analowa mu kampeni ndi mphamvu zonse, kenako pa 16 Seputembala atsogoleri atatu aja anasaina lonjezo pa tsamba loyamba la nyuzipepala ya Daily Record loti nyumba ya malamulo ya Scotland idzapatsidwa mphamvu zambiri anthu akakana. Wokana amene akanakhala pakhomo poganiza kuti zatha kale anadzuka nkupita kukavota, anthu 84.6 pa 100 alionse olembetsa anaponya voti, kuphatikizapo ana a zaka 16 ndi 17 omwe analoledwa pa referendamu imeneyi. Nde mwina pa 7 paja zinalidi pafupi choncho, kungoti pofika pa 18 sizinalinso chimodzimodzi. Ndipo akafukufuku a masiku omaliza ambiri anali atabwerera kuonetsa okana ali patsogolo, koma khutu limasunga nkhani yodzidzimutsa ija yokha.

Palinso nkhani ya phokoso. Mbali yofuna kusintha zinthu imakhala ndi mbendera nyimbo misonkhano yodzaza, ku Glasgow ndi ku Dundee ovomera anapambanadi, koma pa madera 32 a Scotland anapambana anayi okha. Wokana nthawi zambiri sayenda ndi mbendera, ena safuna nkomwe kukangana ndi anzawo kuntchito kapena kuoneka ngati sakonda dziko lawo nde amangokhala chete. Ku Quebec, chigawo chomwe chinavotera zochoka kapena kukhalabe mu Canada pa 30 Okutobala 1995, zinali zofananako, wandale wotchuka wa konko Lucien Bouchard atatenga kampeni ya ovomera zinthu zinatentha, akafukufuku angapo a kumapeto ankawaonetsa ali patsogolo pang'ono, koma okana anapambana ndi 50.58 peresenti kwa 49.42, kusiyana kwa mavoti pafupifupi 54,000 okha pa chisankho chomwe anthu oposa 93 pa 100 anavota. Ine ndikamaona kafukufuku wa referendamu yotere ndimayamba kaye ndafufuza kuti osaganiza ndi angati, funso anawafunsa bwanji, walipira kafukufukuyo ndani, ndipo ngati ovomera sanatsogole ndi mpata woonekeratu ndimatenga kuti akadali kumbuyo.

FUNSO: Mukuti anthu amaopa kusintha, nanga bwanji ku South Sudan pafupifupi aliyense anavota kuti apatuke? Kodi si kubera kumeneko? Ndine mwana wa sukulu.

YANKHO: Mwana wanga, wafunsa bwino. Referendamu ija inachitika pa 9 mpaka 15 Januwale 2011 ndipo 98.83 peresenti anasankha kupatuka, dziko linabadwa pa 9 Julayi chaka chomwecho. Nambala yotere pa chisankho cha pulezidenti ingakudabwitse, koma apa panali anthu omwe anadutsa mu nkhondo kuyambira 1983 mpaka pangano la mtendere la 2005, anataya abale ochuluka zedi, nde chomwe ankachiopa kwambiri chinali kukhalabe pansi pa boma la Sudan ku Khartoum osati kuchoka. Mantha ndi omwewo amene ndawauza aphunzitsi pamwambapa kungoti analoza mbali ina. Ku East Timor mu 1999 anthu 78.5 peresenti anasankha kuchoka mmanja mwa Indonesia ngakhale ankaopsezedwa ndi magulu a zida, ku Bougainville mu 2019 anaposa 97 peresenti osankha kuchoka ku Papua New Guinea. Malo ngati amenewa sufunanso kafukufuku kuti udziwe mtima wa anthu, ndipo pomwe pali mfuti munthu sangamuuze mlendo wobwera ndi pepala zomwe zili mumtima mwake. Kafukufuku amakhala ndi ntchito pomwe anthu agawikana pakati, ngati ku Montenegro pa voti yosiyana ndi Serbia mu Meyi 2006 komwe anagwirizana kuti ovomera afike 55 peresenti ndipo anapeza 55.5, anadutsa pa kabowo kakang'ono kwambiri. Chomwe chimandiwawa pa South Sudan ndi chakuti mu Disembala 2013 anthu omwe anavota ndi mtima umodzi aja anayamba kumenyana okhaokha, voti ija inayankha zoti achoke koma sinayankhe zoti adzakhala bwanji akachoka.

FUNSO: A Scotland adzavotanso liti? Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.

YANKHO: Tsiku palibe achimwene. Ya 2014 inatheka chifukwa Cameron ndi Alex Salmond yemwe ankatsogolera boma la Scotland anasainirana pangano ku Edinburgh mu Okutobala 2012. Nkhani inadzukanso mu 2016 pamene United Kingdom inavota zotuluka mu European Union (EU) chonsecho ku Scotland 62 peresenti anafuna kukhalamo, ambiri anamva kuwawa poti mu 2014 anauzidwa kuti kukana ndi njira yokhalira mu EU. Nicola Sturgeon yemwe analowa mmalo mwa Salmond anayesa kuitanitsa referendamu ina koma mu Novembala 2022 khothi lalikulu la United Kingdom linagamula kuti nyumba ya malamulo ya Scotland ilibe mphamvu yochita zimenezo popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo ya United Kingdom ku London. Nde olo akafukufuku aonetse ovomera akwera, kiyi ali ku London.