Mutu wako uli bwino, mwana wanga

Mtsikana wina wa Fomu 3 kuno ku Nkhotakota wanditumizira imelo. Akuti malamulo a galamala ya Chingerezi anawaloweza onse, koma chimangirizo chake chimabwerako chitafiira ndi cholembera cha aphunzitsi. Akufunsa ngati mutu wake uli bwino.

Uli bwino, mwana wanga. Funso lako landikhudza chifukwa inenso ndinakulira m'mantha omwewo. Pa sukulu yathu, ukagwidwa ukuyankhula Chichewa ankakuveka kathabwa m'khosi, ndipo womaliza nako madzulo ankakatchetcha udzu. Tinaphunzirapo chinthu chimodzi chokha: kukhala chete. Mnzanga wina wa ku Chia, mwana wa msodzi, ankatha kusimba nthano mpaka tonse kuiwala kondowole m'mbale, koma m'kalasi sankatsegula pakamwa. Analephera Chingerezi pa MSCE, ndipo popeza MANEB sipereka satifiketi kwa amene wagwa phunziroli, masamu ake abwino aja sanamuthandize. Lero ali pa nyanja, akuwedza usipa. Usodzi si ntchito yonyozeka ayi, koma iye sanausankhe yekha.

Ndikunena mosabisa: kulanga mwana chifukwa cha chiyankhulo cha amayi ake ndi nkhanza, komanso ndi kuphunzitsa koipa. Mwana amene amati "mwana wabwera" koma "ana abwera", "chingwe chaduka" koma "zingwe zaduka", akudziwa kale kuti mneni amamvera mwininkhani. Chichewa chili ndi magulu ambirimbiri a mayina, ndipo iye sasokoneza ngakhale limodzi. Ndiye timuopseze ndi ka "s" kamodzi ka mu "she goes"? Ngakhale kayalidwe ka mawu n'kofanana: mwininkhani, mneni, pamtherankhani. Kusiyana kwenikweni n'kochepa. Ife "iye" amakwanira mwamuna ndi mkazi, eni Chingerezi amasiyanitsa. Ife mfotokozi amabwera pambuyo pa dzina, iwo amamuika patsogolo. Ndipo "a" ndi "the" ife tilibe, n'chifukwa chake timawadumpha.

Zimandiwawanso ndikaona ana akuloweza manotsi a ndakatulo osaiwerenga ndakatuloyo. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, ndipo boma la nthawi ija linkadziwa kuti m'ndakatulo zake nyama zimayankhula za anthu. Nanga agogo athu akamanena za Kalulu ndi Fisi ankanena za nyama? Kusanthula zolembedwa tinakuyambira pa mphasa, usiku, tisanaone ndi bolodi lomwe.

Tsono uchite chiyani?

Fupikitsa ziganizo. Ganizo limodzi, mneni wamkulu m'modzi, mpumiro. Zolakwa zambiri zimabadwira mu "and" wachitatu ndi wachinayi. Ukamaliza ndime, lemba mzere pansi pa mneni aliyense, ufunse kuti wachita ndani komanso liti. Ngati wayamba kusimba zakale, usalumphire ku za lero pakati pa nkhani. Poyankha funso la ndakatulo kapena sewero, nena mfundo yako, tenga mawu a m'bukumo, kenako fotokoza mmene akuikira umboni. Ndipo uziwerenga mokweza tsiku lililonse, kaya ndi tsamba la nyuzipepala lomwe anakulungira mandasi. Chimangirizo chofiira chija usachitaye. Chilembenso, uwapatse aphunzitsi achionenso.