Kompyuta yoiwala m'mawa uliwonse: yankho kwa achimwene a ku Mufakose

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena amene ali ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta ku Mufakose mu Harare. Akuti mphwawo anawaikira Xubuntu 22.04, mtundu wa Linux wochokera ku Ubuntu, pa laputopu yakale ya Dell, ndipo ikuyenda bwino kuposa kale. Vuto lake n'lakuti akaizimitsa madzulo n'kuiyatsa m'mawa, imadzuka ngati mlendo. Wifi imafunsanso pasiwedi, adiresi ya IP (nambala ya makina pa netiweki) imene mphwawo anaika kuti laputopu izionana ndi pulinta yapita, chithunzi cha ana chimene anaika pa sikirini chachoka, nako kamzere ka pansi kabwerera pamwamba. "Kodi Linux imatero basi," akufunsa, "kapena makinawa atha?"

Achimwene, Linux sitero, ndipo ndikukayika ngati makinawo atha. Kompyuta imasunga zinthu m'malo awiri. Zimene mwaiuza pakamwa imazigwira mu RAM, ndipo moto ukangochoka zimapita. Zimene zimatsala ndi zokhazo zalembedwa mu fayilo pa disiki. Ndiye setingi ikasowa, funso langa limakhala limodzi: inalembedwa, ndipo ngati sinalembedwe chinaletsa n'chiyani?

Tiyambe ndi chinthu chochititsa manyazi pang'ono, chifukwa ndachionapo kangapo. Yang'anani m'mbali mwa laputopu ngati fulashi imene mphwanu anaikira Xubuntu idakali pomwepo. Anthu ambiri amaganiza kuti aika, pomwe makina akuyakabe kuchokera pa fulashi, ndipo Linux ya pa fulashi inapangidwa dala kuti iziiwala: zonse mukusintha zimakhala mu RAM. Chizindikiro chake n'chosabisika. Ngati pa sikirini pali kachithunzi kolembedwa Install Xubuntu, muli pa fulashi. Mukhozanso kutsegula terminal, zenera lolembamo malamulo, n'kulemba lamulo la "findmnt /". Ikayankha overlay ndiye kuti simunafike pa disiki, koma ikaonetsa zonga /dev/sda2 ndi ext4 muli kwanu. Pa malaputopu okalamba pali kabatire kakang'ono konga ndalama yachitsulo kosunga nthawi ndi masetingi a BIOS, pulogalamu imene imayamba makina akangoyatsidwa. Kakatha, makina amaiwala tsiku komanso kuti ayambire disiki iti. Ngati wotchi yanu imadzuka ili m'chaka cholakwika, pitani nawo kwa anyamata okonza makompyuta m'tauni akasinthe. Si ntchito yodula.

Tinene kuti muli pa disiki ndithu. Apa zoiwalika zanuzo zagawika pawiri, za netiweki ndi za pa sikirini, ndipo sizikhala nyumba imodzi.

Za adiresi ija, ndikumuona mphwanu m'maganizo mwanga. Analemba sudo ip addr add ndi manambala ake, pulinta inayankha, onse munaseka, iye n'kukwera kombi. Lamulo limenelo ndi la pakamwa. Limagwira mpaka makina azime, sililemba kalikonse pa disiki. Chimodzimodzi ifconfig, komanso xrandr ya kukula kwa sikirini. Mwini nkhani pa Xubuntu ndi NetworkManager, ndipo iye amasunga netiweki iliyonse mu fayilo yakeyake mu /etc/NetworkManager/system-connections. Muuzeni iyeyo. Lembani nmcli connection show kuti muone dzina la wifi yanu, kenako lembani izi, pa DZINA muikepo dzinalo:

sudo nmcli connection modify "DZINA" ipv4.method manual ipv4.addresses 192.168.1.20/24 ipv4.gateway 192.168.1.1 ipv4.dns 192.168.1.1

Manambalawo ndi chitsanzo chabe. Marauta ena, makamaka timabokosi ta LTE timene tadzaza mu Harare muno, amagwiritsa ntchito 192.168.8.1 kapena 192.168.0.1, choncho lembani ip route kaye muone anu. Ndipo kunena zoona, ine ndikanaipatsa pulinta adiresi yokhazikika, laputopu n'kuisiya izilandira yokha kuchokera ku rauta. Chofunika kupezeka pamalo amodzi tsiku lililonse ndi pulinta. Laputopu mukapita nayo kutchalitchi kapena kwa alamu anu ku Highfield, wifi ya kumeneko ili ndi masetingi akeake, sizikukhudzana.

Musavutike ndi kusintha /etc/resolv.conf ngakhale muwerenge malangizo otero pa intaneti. Pa Ubuntu fayiloyi imalembedwa ndi systemd-resolved, n'chifukwa chake mumapezamo 127.0.0.53, ndipo zanu zidzafufutidwa. Amene muli ndi Ubuntu yatsopano, kuyambira 23.10 NetworkManager imasunga zake mu /etc/netplan, koma nmcli imagwira chimodzimodzi.

Pasiwedi ya wifi ili ndi nkhani yake. Ikhoza kusungidwa mu fayilo ya makina onse, kapena m'kabokosi ka makiyi ka munthu mmodzi, kamene kamatseguka ndi pasiwedi yolowera. Ngati laputopu imalowa yokha osakufunsani kanthu, kabokosiko kamakhala kokhoma, ndiye wifi imasowa kokatenga pasiwedi n'kuyamba kukufunsani. Dinani kachizindikiro ka netiweki, sankhani Edit Connections, tsegulani wifi yanu, ndipo pa Wi-Fi Security dinani kachithunzi kali m'bokosi la pasiwedi musankhe kusungira ogwiritsa ntchito onse. Pa General chongani zoti izilumikiza yokha.

Tsopano chithunzi cha ana. Apa ndi pamene ndikukayikira kwambiri, chifukwa zinandichitikira ine mwini. Masetingi a pa sikirini sakhala mu /etc, amakhala m'foda yanu, mobisika mu .config, ndipo a Xfce, pulogalamu yoyendetsa sikirini pa Xubuntu, ali mu .config/xfce4. Tsiku lina ndinasamutsa katundu wanga kuchoka pa disiki yakale ndi sudo cp, mafoda obisika omwe. Zonse zinafika bwinobwino, koma mwini wake anakhala root, akaunti yoyang'anira makina onse, osati ine. Ndinkasintha chithunzi, chinkasintha ndikuona, ndikayatsanso chabwerera. Masiku atatu ndikutukwana makina osalakwa. Zinali ngati kukhala m'nyumba yako koma makiyi a kabati ali ndi landilodi. Lembani find ~ -user root muone. Ikatulutsa mzere wautali wa mafayilo a mu .config, mankhwala ake ndi awa:

sudo chown -R $USER:$USER ~/.config ~/.local ~/.cache

Tulukani mulowenso, musinthe chithunzi, muyatsenso makina.

Pali zina ziwiri zoletsa kulemba. Disiki ikadzaza, setingi ilibe pogona, ndipo pa shopu yosunga ma CV ndi zithunzi za ukwati za theka la Mufakose sizingandidabwitse. Lamulo la df -h likaonetsa 100% pa mzere wa / kapena /home, chotsani zina. Chinacho ndi cha magetsi athuwa. Batire ya laputopu yakale nthawi zambiri inafa kale, ndiye magetsi akathima makina amagwa pomwepo ali mkati molemba. Linux ikaona kuti disiki yavulala, imatha kuitseka kuti izingowerengedwa pofuna kuiteteza. Yesani touch ~/mayeso. Ikakuyankhani kuti Read-only file system, apa fulashi ija yapeza ntchito: yatsirani pa iyo, muthamangitse sudo fsck -f pa gawo la disiki lanu lisanatsegulidwe. Koma musanatero koperani ntchito za makasitomala kwina, chifukwa disiki imene imachita zimenezi kawirikawiri imakhala ikutsanzika.

Mwanena kuti zonse zikusowa pamodzi, netiweki ndi sikirini zomwe. Zikamapita limodzi choncho, ine ndimaloza kaye fulashi kapena disiki yotsekeka, chifukwa zimenezi zimakhudza /etc ndi foda yanu nthawi imodzi. Ndiye mawa musanatsegule shopu lembani findmnt / ndi touch ~/mayeso, mujambule sikirini pa foni, munditumizire.