Akufuna kundiunika m'matumbo ndi kamera, ndikonzekere bwanji?

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 56. Ndakhala ndikuona magazi m'chimbudzi kwa miyezi itatu, ndiye kuchipatala andipatsa tsiku loti akandiunike m'matumbo ndi kamera, zomwe akuti colonoscopy. Andipatsanso mapaketi a mankhwala oti ndikamwere kunyumba. Kodi n'zoona kuti ndidzakhala tsiku lonse osadya? Nanga zimapweteka? Ndine wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Bambo, mwachita bwino kupita kuchipatala. Magazi m'chimbudzi pa msinkhu wanuwu si oti munthu n'kumangoti ndi matenda a mudzi basi. Ndipo dziwiranitu kuti ntchito yaikulu ya kuunikaku ili m'manja mwanu, kunyumba, musanafike n'komwe kwa dokotala. Thumbo lalikulu ndi lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, lili ndi makwinya komanso mokhota. Mukatsalira chimbudzi, kamera siona khoma la thumbo, kachotupa kakhoza kubisala, ndipo nthawi zambiri amakubwezani kuti mukayambirenso.

Kutatsala sabata, uzani dokotala mankhwala onse amene mumamwa. Mapiritsi a ayironi owonjezera magazi amasiyidwa masiku 5 mpaka 7, chifukwa amadetsa chimbudzi n'kuchimatitsa kukhoma la thumbo. Ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin kapena clopidogrel, musasiye nokha, dokotala ndiye akuuzeni tsiku losiyira. Odwala shuga amafunika kuwasinthira mlingo wa insulini kapena mapiritsi popeza sakhala akudya, pomwe odwala impso kapena mtima amafunika kuwasankhira mosamala mtundu wa mankhwala otsukira. Mankhwala ambiri a bipi amapitirizidwa, koma funsani ndithu.

Masiku awiri kapena atatu omalizawo, siyani zakudya zosiya zotsalira m'matumbo: mgaiwa, nyemba, nandolo, mtedza, chimanga, ndiwo zamasamba, tomato, magwafa ndi zipatso zina zanthanga. Nthangazi zimakhalitsa m'thumbo ndipo zimatha kutseka kanjira kamene makina amayamwira madzi. Idyani nsima ya ufa woyera, mpunga woyera, buledi woyera, mazira, nsomba kapena nkhuku yochotsa khungu.

Zoti mudzakhala osadya n'zoona, koma kumwa mudzamwa. Tsiku loti mawa akuunikani, imwani zamadzimadzi zoonekera mkati: madzi, tiyi wopanda mkaka, msuzi wosefa bwino, thanzi ORS. Thobwa, maheu, mkaka ndi phala ayi. Zakumwa zofiira nazo zisiyeni, zimasiya mtundu wonga magazi. Zipatala zina zimalola kadzutsa wopepuka m'mawa wa tsikulo, choncho pepala limene akupatsani ndilo mulitsatire.

Mankhwala otsukira ambiri ndi ufa wosungunula m'madzi, ena amakwana malita 2, ena malita 4. Njira imene imayeretsa bwino ndi yogawa pawiri: theka madzulo, theka lina m'mamawa, kutatsala maola 4 mpaka 6, n'kumaliza kusanatsale maola awiri. Ambiri amanyozera theka la m'mamawali poganiza kuti m'mimba mwayera kale. Kumeneko n'kulakwa, pakuti usiku matumbo aang'ono amatsitsirabe ndulu ndi mamina ake kuchiyambi cha thumbo lalikulu, komwe zotupa zafulati zimavuta kuziona. Imwani kapu ya mamililita 250 pa mphindi 10 kapena 15 zilizonse. Kukoma kwake n'kwamcherechere, choncho aziziritseni, ndipo mseru ukakupezani pumulani theka la ola kenaka pitirizani. M'mimba mumatsegula pakatha ola limodzi kufika atatu. Khalani pafupi ndi chimbudzi, pakani Vaseline kotulukirako kuti kusanyuke, ndipo muzimwabe madzi ena. Mwayera ngati zotuluka zili madzi okhaokha achikasu ngati mkodzo, opanda tizidutswa. Ngati mukusanza zonse, kapena mimba ikungotupa osatuluka kanthu, dziwitsani achipatala msanga.

Pa tsikulo pitani ndi munthu wokuperekezani. Adzakuvekani chovala cha kuchipatala, n'kukuikani kasingano pamkono ndi kachipangizo pachala koyeza mpweya m'magazi. Mudzagona chammbali kumanzere, mawondo atapindidwa. Kawirikawiri amapereka mankhwala oodzeretsa monga midazolam pamodzi ndi opha ululu, kwina amagonetseratu ndi propofol. Dokotala amayamba wapima ndi chala, kenaka amalowetsa kapaipi kofewa, kochindikala ngati chala chomwecho, kokhala ndi kamera ndi nyali kunsonga. Amapopera mpweya kuti thumbo lifutukuke, ndipo mpweyawu ndi umene umachititsa kumva kutupidwa ndi kupotokola, makamaka pokhota. Namwino akhoza kukudinani pamimba kapena kukutembenuzani chagada kuti kapaipi kadutse. Mpweya ukafuna kutuluka, utulutseni, m'chipindamo palibe amene amadabwa nazo. Ululu ukakula nenani, amatha kuima kapena kuwonjezera mankhwala.

Kuyang'ana kwenikweni kumachitika potulutsa kamera, pang'onopang'ono, mphindi zosachepera 6. Zonse pamodzi zimatenga mphindi 30 mpaka 45. Akapeza timinofu tomera pakhoma, totchedwa ma polyp, amatikola ndi kawaya n'kutidula pomwepo, chifukwa tina timasanduka khansa pakapita zaka. Simumva kudulako, pakuti khungu la mkati mwa thumbo silimva kuchekedwa. Zimene adula amazitumiza kukayezedwa, ndiye funsani tsiku lodzamva zotsatira musanachoke.

Kudya mumayamba tsiku lomwelo. Kwa maola 24 musayendetse galimoto, njinga yamoto ngakhale kusayina mapepala ofunika, ndipo mowa ayi, ngakhale mukumva kuti muli bwino. Timadontho ta magazi pambuyo podula si tachilendo. Kubooka kwa thumbo kumachitika mwa apo ndi apo, ndipo kutaya magazi kukhoza kubwera mpaka patatha masabata awiri. Mukamva ululu waukulu wosatha, mimba ikauma gwa, thupi likatentha, kapena magazi akamatuluka ambiri kapena oundana, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ndipo mukanene kuti anakuunikani tsiku lakuti.