Zitumbuwa za nkhanu zikuphwasuka m'chiwaya: musathamangire ufa

Mayi wina wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, wandilembera kuti anagula mnofu wa nkhanu wouma ndi ayezi ku Tete, anaumba zitumbuwa, koma zitangolowa m'mafuta zinaphwasuka zonse n'kusanduka phala. Anzawo awauza kuti awonjezere ufa wa tirigu. Akufunsa kuti awonjezere wochuluka bwanji.

Mayi, musawonjezere. Malangizo amenewa ndi amene awonongera anthu ambiri chakudya chodula. Ufa ukachuluka chitumbuwa chimagwiranadi, koma chimene mudzadye ndi mandasi onunkhira nkhanu. Chakuphwasulirani zitumbuwa ndi madzi. Mnofu ukauma ndi ayezi, timibulu ta ayeziyo timang'amba minyewa yake, ndiye ukasungunuka umatulutsa madzi ambiri. Madziwo akakumana ndi mafuta otentha amasanduka nthunzi, nthunziyo pofuna potulukira imakankha chitumbuwa kuchokera m'kati. Dzira limodzi silingalimbane ndi zimenezo.

Komanso tinene za nkhanuyo. Nkhanu zikuluzikulu zimene mumapeza mumzinda wa Tete si za mu Zambezi. Ndi za m'matope a m'mphepete mwa nyanja yamchere, kufupi ndi Beira ndi Quelimane. Kuchokera ku Beira kufika ku Tete n'pafupifupi makilomita 600, ndipo kuti zifike kwanu pali enanso oposa 200. Ganizirani kutentha kwa Tete mu Okutobala ndi Novembala, kumene kumapitirira madigiri 40. Paketi imene yasungunuka panjira n'kuumitsidwanso imadziwika: m'kati muli chibuma cha ayezi kumbali imodzi, mnofu wagwirana gwa ngati mwala, mtundu wake watuwa. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mukatsegula n'kumva fungo lobaya m'mphuno ngati la mkodzo, tayani, musadandaule ndalama. Mandimu ndi tsabola zimabisa fungo koma sizichotsa chimene chingakugonekeni kuchipatala.

Chimandipweteka n'chakuti timathamangira za kutali pamene m'timitsinje ta ku Angónia ndi Tsangano, pansi pa miyala, muli nkhanu zathu zimene anthu amazinyoza kuti n'zogwira ana oweta ng'ombe. N'zazing'ono, inde, ndipo kutola mnofu wake kumafuna kudekha, koma n'zatsopano, ndipo pa nkhanu palibe chimene chiposa pamenepo. Zigwidwe zamoyo, zilowe m'poto zamoyo. Yofa kale musaiphike, chifukwa nkhanu imayamba kuwonongeka ikangofa. Ziwire m'madzi amchere obwata mphindi 10 mpaka 12, zikuluzikulu za kunyanja mphindi 15 mpaka 20, mpaka chigoba chifiire psuu. Nkhanu za m'madzi opanda mchere zimatha kukhala ndi tizilombo tolowa m'thupi la munthu, choncho kungoziwaula pamoto sikukwanira. Mukaswa chigoba, chotsani tinthu totuwa tonga zala timene nkhanu imapumira. Mnofu wabwino uli m'manja ake opanira ndi m'tizipinda ta m'mbali. Kilogalamu imodzi ya nkhanu zikuluzikulu imapereka mnofu wa magalamu 250 kapena kuchepera pang'ono. Upapaseni ndi zala kawiri pa mbale yoyera, chifukwa kachigoba kamodzi kolumidwa ndi mlendo kamawononga phwando lonse.

Ku Maryland, ku America, kumene zitumbuwazi zinatchukira, amagwirizanitsa mnofu ndi mayonezi ndi nyenyeswa za buledi kapena mabisiketi. Ife tili ndi choposa pamenepo, mbatata ya kachewere imene magalimoto amadzanyamula kwanu komweko kupita nayo ku Tete ndi Beira. Kachewere amagwira mnofu mofewa osaphimba kukoma kwake. Koma aphikidwe ndi makoko ake, musende akadali otentha, muwanyenye ndi foloko, n'kuwasiya pambale yotambalala kuti nthunzi ichoke mpaka azizire. Kachewere wosenda n'kuwiritsa m'madzi ambiri amabweretsanso vuto lomwe lija. Kenako nsinjiro. Mtedza wokazinga pang'ono, wosinja mumtondo n'kusefa, umamwa chinyezi chotsala, ndipo aliyense amene anadyapo nkhanu yotendera akudziwa kuti ziwirizi n'zapachibale. Musapitirire masupuni awiri, chifukwa nsinjiro zimapserera msanga m'mafuta n'kuyamba kuwawa.

Kaumbidwe kake

Mnofu usungunuke usiku wonse m'furiji, uli pa sefa, osati padzuwa kapena m'madzi otentha. M'mawa uikeni m'kansalu koyera n'kufinya mofatsa mpaka madzi aleke kudontha. Pa magalamu 400 a mnofu wofinyawo ikani magalamu 150 a kachewere, dzira limodzi, masupuni awiri a nsinjiro, kaanyezi kamodzi kakang'ono kodula bwinobwino n'kukazinga kaye kuti kaphwe madzi, kambuzi mmodzi wochotsa njere, supuni imodzi ya madzi a mandimu ndi theka la kasupuni ka tiyi ka mchere. Tomato asalowemo. Sakanizani zina zonse kaye, mnofu ulowe pomaliza, mutembenuze ndi dzanja osakanya, kuti zidutswa zake zizioneka munthu akanyema.

Umbani zitumbuwa 8, zokhuthala masentimita awiri, muzigubuduze m'mgaiwa wosefa, zikhale m'furiji mphindi 30. Pamene palibe furiji, umbani zing'onozing'ono ndipo mukazinge nthawi yomweyo. Kusakanizaku kusadikire pa kutentha. Mafuta m'chiwaya afike sentimita imodzi basi. Ponyanimo kambewu ka mgaiwa: kakachita thovu pompo, mafuta atentha mokwanira, koma akamafuka utsi, phulani makala ena pambaula. Ikani zinayi pa nthawi imodzi, ndipo musazikhudze kwa mphindi 4, chifukwa kutembenuza khungu lisanalimbe ndi kumene kumaswa ngakhale zoumbidwa bwino. Tembenuzani kamodzi kokha, mphindi 3 mbali inayo.

Chotsira chake chikhale cha malambe: masupuni atatu a ufa wa malambe m'theka la kapu ya madzi owiritsa ozizira, musefe, muikemo kamchere, kashuga ndi kambuzi wosinja. Zikatsala, zilowe m'furiji pasanathe ola limodzi ndipo zidyedwe mawa lake zitatenthetsedwa mpaka m'kati.