Musadine linkiyo, asisi

Asisi, linki ili mu imelo imene mwalandirayo musadine. Imelo imeneyo yoti akaunti yanu itsekedwa pakatha maola 24 mukapanda kutsimikizira kuti ndinu mwini wake ndi msampha wa akawalala. Ngati mwadina kale n'kulemba pasiwedi, dumphani zonsezi mupite kumunsi kumene ndalemba zochita, chifukwa nthawi ikukutherani.

Mukadina, limatseguka tsamba looneka ndendende ngati la Google, mitundu yomweyo, chizindikiro chomwecho. Mulemba imelo, mulemba pasiwedi. Tsambalo lizungulirazungulira, inu n'kumati ndi netiweki kapena bandulo ikutha. Nthawi yomweyo munthu ali kwinakwake akulemba pasiwedi yanuyo pa tsamba lenileni la Google. Google itumiza kodi ya manambala 6 pa foni yanu, meseji yeniyeni yochokera kwa eni ake, ndipo tsamba labodza lija likufunsani kodiyo. Mukailemba, mwapereka kiyi ya nyumba ndi manja anu. Tiyi asanazizire asintha pasiwedi, achotsa nambala yanu yobwezeretsera akaunti n'kuikapo yawo, atulutsa foni yanu mu akauntiyo. Muyesa kulowa, ikuti pasiwedi ndi yolakwika. Mubwereza katatu, kanayi, mukuganiza kuti chala chaphonya, thukuta lili kamukamu. Iwo ali mkati akufufuza. Alemba NRC posakira, chituluka chithunzi cha chitupa chanu cha unzika chimene munatumiza pofunsira ntchito, mbali zonse ziwiri. Alemba payslip, ituluka. Statement ya ku banki, TPIN (nambala yanu ya msonkho), zonse zili momwemo chifukwa palibe amene amafufuta maimelo akale. Akatero apita pa Facebook, adina poti aiwala pasiwedi, ndipo linki yosinthira igwera mu imelo yomwe ali nayo kale m'manja. Dzuwa lisanalowe amalume anu ku Lundazi alandira uthenga wa dzina lanu ndi nkhope yanu: mwana wagonekedwa kuchipatala, tumizani K500 pa nambala iyi, yanga ili ndi vuto. Ndipo amatumiza, chifukwa amakukondani. Inu mudzamva mawa lake pamene azakhali akuimba kufunsa kuti mwana wagona bwanji.

Anthu amenewa alibe chisoni ngakhale pang'ono. Ndalama imene munthu waipeza atalima, kupalira, kukolola ndi kudikira malipiro a chimanga, iwo aitenga ali khale pampando. Amadziwa kuti kwathu kuno ukamva za matenda kapena maliro sufunsa kawiri, ndiye amabera pa umunthu wathu womwewo. Amandikwiyitsanso ndi aja othamangira kuseka wobedwa kuti ndi mbuli. Aphunzitsi, anamwino, anthu a masukulu awo amagwidwa, chifukwa uthengawo umabwera munthu ali wotopa, akuwerenga pa kafoni ali m'basi. Kusekako ndiko kumachititsa anthu kubisa, pamene akanachenjeza abale msanga.

Tsono yang'anani izi pa imelo yanuyo. Dzina looneka pamwamba, kaya ndi Google Security kaya dzina la banki, aliyense angathe kulilemba, lilibe ntchito. Mu Gmail dinani kamuvi kali pansi pa dzinalo, adiresi yonse ioneka. Machenjezo a Google amachokera ku no-reply@accounts.google.com, a Facebook amathera ndi facebookmail.com. Banki, ZRA (a misonkho) kapena NAPSA (a penshoni) sangakulembereni kuchokera pa adiresi yothera @gmail.com. Koma adiresi nayonso amatha kuinamizira, kapena kutumiza kudzera mu akaunti ya mnzanu imene aiba kale, choncho umboni waukulu uli pa linki. Ikani chala pa linkiyo osachotsa, musadine mwachangu, adiresi ituluka. Pezani kamzere kopendekeka (/) koyamba pambuyo pa https:// ndipo muwerenge chobwerera m'mbuyo. Mawu omwe ali pafupi ndi kamzereko ndiwo mwini tsamba. Pa accounts.google.com/ mwini ndi google.com. Pa google.com.account-check.xyz/ mwini ndi account-check.xyz, dzina la Google angoliika kutsogolo ngati nyambo. Onaninso zilembo: r ndi n zikagundana zimaoneka ngati m, 0 amamuika m'malo mwa o, 1 m'malo mwa l. Kaloko kaja ka pa browser musakadalire, masamba a akuba nawonso ali nako, kamangotanthauza kuti zimene mwalemba zifika kwa mwini tsamba popanda wina kuzisuzumira panjira.

Ena amati mudzazindikira ndi Chingerezi chothyoka. Zimenezo zinali kale, masiku ano amalemba chosalala. Chimene sichisintha ndi kukufulumizitsani ndi kukuopsezani, komanso kupempha chinthu chachinsinsi: pasiwedi, PIN, kodi ya pa meseji, manambala 3 a kumbuyo kwa khadi. Akaikamo fayilo yothera .html kapena .apk musaitsegule. Ya .apk ndi pulogalamu, ikalowa mu foni ya Android n'kuipatsa chilolezo imatha kuwerenga mameseji anu onse, makodi a ku banki omwe.

Njira yachidule ndi kusiya imeloyo n'kulowera pakhomo lanu. Lembani nokha myaccount.google.com, pitani pa Security, ngati pali vuto lenileni mulipeza pamenepo. Facebook ili ndi malo otchedwa Recent emails pansi pa Password and security, oonetsa maimelo achitetezo amene anakutumizirani. Za banki, imbani nambala ili kumbuyo kwa khadi yanu ya ATM, osati ili mu imeloyo, kapena kwerani njinga mupite ku nthambi yawo m'tauni.

Ngati mwalemba kale, sinthani pasiwedi pompano mukadali ndi mpata. Pa Security pomwepo tulutsani foni ndi makompyuta onse osawadziwa, onani ngati nambala ndi imelo zobwezeretsera zikadali zanu. Chimene ambiri amaphonya ndi Forwarding ndi Filters. Wakuba amatchera kuti imelo iliyonse yobwera izipitanso kwa iye, ndiye ngakhale mwasintha pasiwedi amawerengabe. Zimenezi sizioneka mu Gmail ya pa foni, tsegulani pa kompyuta. Pasiwedi yomweyo ngati munaiikanso kwina, sinthani konseko. Akakutsekerani kunja, yesani g.co/recover pa foni imene mumalowera masiku onse, ndipo za Facebook pitani pa facebook.com/hacked. Imbirani banki atseke khadi, lembani pa status ndi m'magulu a pabanja kuti wina asatumize ndalama. Nambala imene akulandirira ndalamayo ineneni kwa ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, pa *707#, jambulani mauthenga onse, mupite nawo ku polisi.

Ndanena kuti kodi ya pa meseji amaiba, komabe yatsani 2-Step Verification, yofunsa kodi pamwamba pa pasiwedi, lero lomwe. Imatchinga aliyense amene wangopeza pasiwedi yokha, ndipo kodi ikabwera inu musanayese kulowa paliponse, mwadziwa kuti wina ali pakhomo. Komanso si imelo iliyonse yotsimikizira imene ili yabodza. Mukatsegula akaunti yatsopano nokha, kapena mwapempha nokha kusintha pasiwedi, imelo ikabwera nthawi yomweyo, imeneyo dinani, ndi yanu. Yanuyi simunaiitane, asisi. Musaitumize kwa ena ndi linki yake, jambulani screenshot yoonetsa adiresi ya wotumiza, mubise adiresi yanu, muiike poti ena aione, kenako imeloyo muiike ku spam.