Mwana wa zaka 9 akukodzedwabe: yankho kwa mayi wa ku Mpondasi

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Mpondasi. Mwana wawo wamwamuna, wa zaka 9, ali Sitandade 3 ndipo amakodzedwa mwina kanayi pa sabata. Sanasiyepo chibadwire. Amagona mphasa imodzi ndi mng'ono wake wa zaka 5 amene sakodzedwa n'komwe. Mayiwa ayesa kumumana madzi kuyambira masana, bambo ake amukwapulapo kangapo, agogo ake akuti n'chifukwa choseweretsa moto madzulo ndipo amuopseza kuti amumangirira chule m'chiuno. Tsopano nkhani ya jando yayamba kukambidwa pakhomo, mwana akulira kuti sapita. Funso lawo linali lakuti: "Kodi ndi ulesi, kapena wina anamuchita chipongwe?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi kukuuzani kuti nanenso ndinkakodzedwa mpaka ndili ndi zaka 11. Ndimakumbukirabe kudzuka kusanache, kuzemba ndi chitenje chonyowa kukachiyanika kuseri kwa khitchini kuti achimwene asachione. Palibe usiku umene ndinagona ndikufuna kunyowetsa mphasa. Ndinkapemphera kuti zisachitike, koma zinkachitika ndithu. Ndiye ndikamati mwana wanuyo si waulesi, ndikunena chinthu chimene ndinachidziwira pathupi panga.

Vutoli ndi lofala kuposa mmene timaganizira, kungoti aliyense amabisa m'nyumba mwake. Mwa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodzedwa. Pofika zaka 10 amatsala pafupifupi 5, ndipo ochepa kwambiri, mmodzi kapena awiri, amapitirira nalo mpaka zaka 15. Anyamata ndiwo amachuluka. M'kalasi ya mwana wanu, ngati muli ana ambirimbiri monga zilili m'sukulu zathu za pulayimale, sali yekha ayi. Ndiponso zimayenda m'magazi. Ngati kholo limodzi linkakodzedwa lili laling'ono, ana anayi mwa khumi amatengera. Ngati ndi makolo onse awiri, atatu mwa anayi. Tawafunsani bwinobwino agogo akewo za ubwana wa bambo ake kapena wa amalume ake, mwina mumva nkhani imene sinanenedwepo.

Chimachitika n'chiyani m'thupi? Usiku thupi limatulutsa homoni (timadzi totumiza uthenga m'thupi) yotchedwa vasopressin, imene imauza impso kuti zichepetse mkodzo mpaka kuche. Ana ena homoniyi imachedwa kukhazikika, ndiye impso zimagwira ntchito usiku ngati masana. Chikhodzodzo cha mwana wa zaka 9 chimasunga pafupifupi mamililita 300, ngati botolo limodzi la Fanta basi, ndipo ena chawo chimafinya chisanadzaze n'komwe. Kuwonjezera apo, ana oterewa amagona tulo tofa nato: chikhodzodzo chimaitana, ubongo osamva. Taonani kuti pa zonsezi palibe chimene mkwapulo ungakonze. Mwana wokwapulidwa amangoonjezera mantha, ndipo amaphunzira kubisa zofunda m'malo mokuuzani. Za moto zija ndi mwambo umene makolo ankatetezera ana kuti asapse kapena kutentha nyumba yaudzu. Ndi wanzeru ndithu, koma sukhudzana ndi chikhodzodzo. Za chule, chonde zilekeni. Ndipo pali china chimene ndamvapo kuti ena amachita, kumanga ulusi kapena mphira ku maliseche a mwana kuti mkodzo usatuluke. Chimenecho n'choopsa kwambiri, chimatseka magazi ndipo chingamupundule moyo wake wonse.

Koma popeza inu ndi ine tili ku Mangochi, pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchite musanayese china chilichonse: kayezetseni mkodzo wa mwanayo. Boma lathu lino likodzo ndi lambiri. Ana athu amasamba, kuchapa ndi kuwedza mu Shire, ku Malombe ndi m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndipo m'madzi odekha a m'mabango ndi mmene mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti timalowa pakhungu, n'kukakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake amatupitsa ndi kukanda khoma la chikhodzodzocho. Mwana amayamba kukodza pafupipafupi, kumva kuwawa, kulephera kupirira. Chizindikiro chodziwika ndi timagazi kumapeto kwa mkodzo, koma nthawi zina magaziwo saoneka ndi maso, amapezeka pokhapokha akayeza. Zimandipweteka mtima kuti m'midzi ina mnyamata akakodza magazi anthu amati wakula. Si kukula kumeneko, ndi matenda, ndipo akakhalitsa amawononga chikhodzodzo ndi impso. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'sukulu atamuyeza mwana msinkhu, ndipo amafunika kumwa atadya. Ngati mwana wanu anajomba tsiku logawa, kapena anamwa koma akusambabe kunyanja, akhoza kukhala nalo. Sindikunena kuti likodzo ndilo likumukodzetsa. Ana ambiri okodzedwa alibe matenda ena alionse. Koma kuyeza n'kosavuta, ndipo mukhoza kuyambira kuchipatala chaching'ono cha kwanuko kapena kupita kuchipatala chachikulu pa boma. Mkodzo womwewo adzaonanso ngati muli shuga kapena tizilombo tina ta m'njira ya mkodzo.

Mukakafika, muwauze adokotala zonse mosabisa. Ngati mwana amamva ludzu losatha, akukodza kwambiri usana ndi usiku ndiponso akuwonda, musadikire n'komwe, pitani lero lomwe, chifukwa matenda a shuga mwa ana amafulumira. Muwauzenso ngati amaliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo, ngati amadzikodzera masana, ngati amagwedezeka thupi usiku ngati wakhunyu, kapena ngati ali ndi matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sickle cell, pakuti onsewa amatha kubweretsa vutoli.

Chinanso chimene makolo ambiri sachiganizira ndi chimbudzi. Mwana amene amatha masiku awiri kapena atatu osapita kuchimbudzi, kapena amachita chouma movutikira, matumbo ake odzaza amapanikiza chikhodzodzo. Mwana wa zaka 9 sakuuzani zimenezi pokhapokha mutamufunsa mwakachetechete. Masamba, mapapaya, mango ikafika nyengo yake, nyemba, nsima ya mgaiwa ndi madzi okwanira zimathandiza, ndipo ana ena akangomasuka m'mimba kukodzedwa kumachepa.

Apa ndiye ndifike pa nkhani ya madzi, chifukwa ndi pamene mwalakwitsa ndi mtima wabwino. Kumumana madzi kuyambira masana, ndi kutentha kwa kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, n'kumuzunza, ndiponso kumaumitsa chimbudzi chija. Taganizirani tsiku la mwana wasukulu: amachoka m'mawa osamwa kanthu, kusukulu amapewa kumwa chifukwa safuna kulowa m'chimbudzi cha pasukulu, akaweruka amathamangira mpira kapena ku madrasa, ndiye ludzu lonse la tsikulo amalithetsa pa chakudya chamadzulo. Madzi onsewo amakatuluka pakati pa usiku. Chofunika n'kutembenuza dongosololi. Amwe bwino m'mawa, anyamule kabotolo ka madzi kusukulu, amwenso masana, kuti makapu ambiri mwa 6 kapena 8 a tsikulo athe dzuwa lisanapendeke. Madzulo amwe pang'ono chabe, ndipo ola limodzi kapena awiri asanagone asamwenso zambiri. Tiyi ndi Coca-Cola madzulo ayi, chifukwa muli caffeine amene amachulukitsa mkodzo. Thobwa nalonso amwe masana. Masana azikodza nthawi ndi nthawi, kanayi mpaka kasanu ndi kawiri, osadikira kuti mkodzo umupane, ndipo akodze komaliza atatsala pang'ono kulowa m'neti.

Musaiwale za mdima. Chimbudzi chathu chimakhala kuseri kwa nyumba, ndipo mwana amene wadzidzimuka usiku akaganiza zotsegula chitseko yekha amasankha kupirira, tulo n'kumubanso. Muikireni kandowa kapena chitini pafupi ndi pogona, ndi tochi poti angathe kuifikira. Pansi pa chofunda yalani pepala la pulasitiki, pamwamba pake chitenje chakale, ndi china chouma pambali kuti asinthe yekha osadzutsa nyumba yonse. Ngati n'kotheka mupatseni mphasa yakeyake, kuti mng'ono wake asamadzuke atanyowa n'kukalengeza kwa anzawo. M'mawa asambe ndi sopo asanapite kusukulu, chifukwa fungo ndi limene limabweretsa mayina achipongwe, ndipo mayina amenewo amapweteka kuposa mphasa yonyowa. Akhoza kuthandiza kuchapa ndi kuyanika, koma muzichitira limodzi ngati ntchito wamba ya pakhomo, osati pamaso pa anzake.

Kumudzutsa pakati pa usiku kumapulumutsa zofunda, koma sikuchiza, makamaka ngati mukungomunyamula ali m'tulo. Mukamudzutsa, adzuke zenizeni, ayende yekha. Ndipo pomuyamikira, muziyamikira zimene angathe kuzilamulira: wamwa madzi ake kusukulu, wakodza asanagone, wakuuzani zoona m'mawa. Usiku wouma suli m'manja mwake. Mungathe kulemba pa kalendala masiku ouma ndi onyowa, inu ndi iye nokha, kuti mukawaonetse achipatala.

Mankhwala alipo. Desmopressin amagwira ntchito ngati homoni ija, ndipo amathandiza makamaka mwana akamakagona kwina, koma amafunika dokotala chifukwa mwana akamwa madzi ambiri atamwa mankhwalawa akhoza kudwala kwambiri. Palinso imipramine, amene ndi oopsa ku mtima akapitirira muyezo; musagule pamsika kapena kupatsidwa ndi mnzanu. Kulinso kachipangizo kolira kakangomva chinyezi, kamene kamaphunzitsa ubongo kudzuka pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale kuno sikapezeka wamba.

Kwa ena amene mukuwerenga, amene mwana wanu anasiya kwa miyezi 6 kapena kuposa kenako wayambiranso, nkhani yanu ndi yosiyana pang'ono. Pitani kuchipatala msanga, komanso yang'anani chimene chasintha pamoyo wake: maliro, kutha kwa banja, bambo kupita ku Joni, kusamukira kwa achibale, kuzunzidwa kusukulu, ngakhale kugwiriridwa. Khalani naye pansi, mumumvetsere.

Za jando, mayi, ndikupemphani mukambirane ndi bambo ake ndi amalume ake kuti musamukakamize chaka chino. Mwana akulira chifukwa akudziwa kuti kumeneko adzagona pakati pa anzake milungu ingapo popanda pobisala. Chaka chilichonse, mwa ana 100 okodzedwa pafupifupi 15 amasiya okha, ndiye kudikira chaka chimodzi mukuchita zimene takambiranazi kungasinthe zambiri. Ikadzafika nthawi akadali ndi vutoli, munthu wamkulu mmodzi wodalirika amene adzamuyang'anire kumeneko adziwitsidwe mwachinsinsi. Ndipo madzulo ano, asanagone, muuzeni kuti mwadziwa kuti sachitira dala, ndi kuti bambo ake sadzamumenyanso chifukwa cha zimenezi. Mukabwera koyezetsa mkodzo kuja, mundilemberenso kuti apeza chiyani.