Ntchito yoyenera kugwera pa Lachinayi basi

Mayi wina yemwe amawerenga zolemba zangazi wanditumizira imelo, ndipo funso lake mwachidule ndi ili: "Ndikuyang'anira pulojekiti yokonzanso maofesi athu ndipo ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya Microsoft Project pokonza ndondomeko ya ntchito. Komiti yovomereza mapulani imakumana Lachinayi lokha. Ndikalemba deti la Lachinayi zonse zimaoneka bwino, koma ojambula mapulani akangochedwa, msonkhano umathawira pa Lachisanu kapena Lolemba. Nditani kuti uzigwera pa Lachinayi nthawi zonse?"

Zikomo mayi pofunsa. Vuto lagona poti pulogalamuyo mukuiuza deti, pomwe komiti yanu siitsata deti, imatsata tsiku la pasabata. Mukalemba deti pamanja m'danga la Start, Microsoft Project imaika yokha lamulo lotchedwa Start No Earlier Than. Lamuloli limangoletsa ntchito kuyamba detilo lisanakwane. Detilo likadutsa, ntchito imagwera paliponse pomwe papezeka mpata. Ena akaona zimenezi amathamangira ku Must Start On, ndipo ine njira imeneyi sindiikonda m'pang'ono pomwe. Msonkhano umakhazikikadi, koma ndondomeko imayamba kunama: imaonetsa komiti ikuvomereza mapulani omwe sanamalizidwe n'komwe.

Chomwe mukufunika ndi kalendala yapadera. Mu pulogalamuyo dinani pomwe palembedwa Project, musankhe Change Working Time, kenako Create New Calendar, muipatse dzina lomveka ngati "Lachinayi lokha". Pa Work Weeks dinani Details, musankhe masiku ena onse aja ndi kuwaika kuti si ogwira ntchito, Lachinayi lokha litsale. Mukatero tsegulani Task Information ya msonkhano uja, ndipo pa Advanced musankhe kalendala yatsopanoyo. Musaiwale kubwezeretsa lamulo lija pa As Soon As Possible, komanso muonetsetse kuti ntchitoyo ili pa Auto Scheduled ndipo ndi yolumikizidwa ku ntchito yojambula mapulani. Tsopano ojambula achedwe kaya afulumire, msonkhano udzipezera wokha Lachinayi loyandikira. Lachinayi lina likakhala la tchuthi, lilembeni pa Exceptions mu kalendala yomweyo.

Pali msampha umodzi womwe ambiri amakodwamo. Njira imeneyi ndi yabwino pa ntchito ya maola ochepa kapena ya tsiku limodzi. Koma tinene kuti muli ndi ntchito ya masiku atatu yomwe iyenera kuyamba Lolemba n'kupitirira Lachiwiri ndi Lachitatu. Mukaipatsa kalendala ya Lolemba lokha, pulogalamu iimwaza pa Lolemba la masabata atatu otsatizana, chifukwa kwa iyo masiku enawo kulibe. Apa muziika kantchito kakang'ono kotsekulira njira, ka mphindi imodzi yokha, kopanda munthu aliyense. Kalendala ya Lolemba muipereke kwa kameneka, ndipo ntchito yeniyeniyo muilumikize kuti iziyamba kantchitoko kakatha. Yaikuluyo itsale pa kalendala ya masiku onse.

China n'chakuti mukaika anthu pa ntchito, pulogalamu imayang'ana maola omwe kalendala ya ntchito ikugwirizana ndi ya munthuyo. Ntchito ya Loweruka lokha, monga kuzimitsa magetsi m'nyumba yonse antchito kulibe, mukaipereka kwa munthu wa Lolemba mpaka Lachisanu, sipapezeka ngakhale ola limodzi logwirizana. Mukonze kalendala ya munthuyo, apo ayi muchonge kabokosi ka Scheduling ignores resource calendars. Koma musanachonge, kambiranani naye kaye mwiniwakeyo, poti Loweruka lake ndi lomwe mukulitengalo.

Tsopano ndifike pomwe pandikhudza kwambiri. Ntchito iliyonse yomangiriridwa ku tsiku limodzi ili ngati basi yomwe imanyamuka kamodzi pasabata. Taganizani: mapulani amayenera kutha Lachitatu madzulo, ojambula amaliza Lachinayi madzulo. Iwo achedwa ndi tsiku limodzi lokha, ndipo mwina saonapo cholakwa chachikulu. Koma komiti yabalalika kale, ndiye amisiri onse odikira chilolezo akhala manja lende masiku 7. Pulojekiti ikakhala ndi zipata zitatu zoterezi motsatizana, kachedwedwe kakang'onong'ono kakhoza kukudyerani masabata atatu. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti ojambulawo muwapatse Lolemba ngati tsiku lomalizira, Lachiwiri ndi Lachitatu akhale masiku osungira ngati angachedwe. Onetsaninso danga la Free Slack pa tebulo lanu kuti muziona ndi maso masiku otsala msonkhano usanasunthe. Likafika pa 0, imbani foni tsiku lomwelo, osadikira lipoti la kumapeto kwa sabata.

Ndiponso dzifunseni ngati Lachinayi limeneli ndi lamulo lenileni kapena chizolowezi chabe. Makomiti ena amalola wapampando kuvomereza zinthu zing'onozing'ono kudzera pa imelo. Ngati yanu ingalole, mwachotsa chipata chimodzi popanda kukhudza kompyuta.

Kwa anzathu omwe ndondomeko zawo zili mu Excel kapena Google Sheets, zimathekanso. Deti lomalizira mapulani likakhala mu A2, lembani =WORKDAY.INTL(A2,1,"1110111") ndipo mupeza Lachinayi lotsatira. Manambala 7 amenewo akuimira masiku kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu. 1 ndi tsiku losagwira ntchito, 0 ndi logwira. Mukafuna Lolemba mulemba "0111111". Masiku atchuthi muwandandalike pambali, monga mu D2 mpaka D15, kenako muwonjezere ,D2:D15 kumapeto kwa fomulayo, mkati mwa mabulaketi, kuti iziwadumpha. Mu Excel fomula imeneyi inayamba kupezeka mu Excel 2010, choncho yakale kuposa pamenepo siizindikira.